Mabuku Asanu ndi Awiri a ku Golomoti

Lolemba, 9 Juni

Masabata atatu chiikire Anaphiri, mkazi wanga. Lero ndalimba mtima, ndikupukuta fumbi pashelefu ya mabuku awo. Mipata ngati m'kamwa mwa mwana woguluka mano!

Amene ndikuwaganizira:
1. Alamu a Matiyasi a ku Golomoti, mchimwene wawo wa malemu. Munthu wosawerenga ngakhale chikwangwani, koma ndikumva kuti pabalaza pawo pali mabuku.
2. Alamu a Matiyasi omwewo.

Loweruka abale akubwera kudzagawa katundu wa malemu, ndipo ndidzaimba munthu mlandu. Koma ndikufuna umboni, osati mphekesera. Mwamwayi Anaphiri analemba mabuku awo onse m'kope. Ine pano ndimaphunzitsa makompyuta kusekondale. Ndilemba kapulogalamu kofufuza ngati mabuku onse a kwa alamu ali pamndandanda wa Anaphiri.

Lachiwiri, 10 Juni

Njira yake ndi ya zala ziwiri. Mindandanda yonse ikhale yosanjidwa A mpaka Z. Chala china pa waung'ono, wa mabuku a kwa alamu, china pa waukulu, wa Anaphiri. Mayina akafanana, zonse zitsike. Akasiyana, chitsike cha pa waukulu chokha. Kubwerera m'mbuyo kulibe. Waukulu ukatha waung'ono usanathe, yankho ndi AYI.

Njinga mpaka ku Golomoti. Mabuku asanu ndi awiri, poyerayera! Ndikulemba mayina ake m'chikhatho mobisa.

Iwo akuti: "Alamu, mukuyang'ana buluzi kukhomako? Imwani thobwa."

Kukoma mtima kokayikitsa.

Lachitatu, 11 Juni

Tsiku lonse ndikutayipa kope la Anaphiri mulaputopu, maso ali chifunga, sindikuwerenga zimene ndikulemba. Magetsi azima kawiri. Pulogalamu yayankha: AYI.

Ayi bwanji? Buku la Anaphiri la mbalame lachikuto chobiriwira ndaliona kwa alamu ndi maso angawa! Okayikitsa tsopano: alamu, laputopu, ndi yemwe anandigulitsa laputopuyo pa Mtakataka.

Lachinayi, 12 Juni

Ndayesa ndi mabuku otsala pashelefu yathu yomwe. AYI! Ndiye kuti a m'nyumba muno nawonso si a Anaphiri?

Ndaika zala zenizeni papepala. Vuto ndalipeza. Mndandanda wa Anaphiri si wa A mpaka Z. Buku la mbalame lili pamwamba penipeni, chala chimalidutsa chikufunafuna lina, ndipo chala sichibwerera. Mkazi amene ankasanja masupuni motsata utali! Wina wasokoneza kopeli. Komatu dzanja ndi lawo.

Lachisanu, 13 Juni

Ndauza kompyuta isanje yokha A mpaka Z. Yankho: INDE! Onse asanu ndi awiri! Ndawagwira!

Mawu okalankhula mawa ndalemba, masamba awiri, ofatsa koma obaya. Ndathamangira kuchipinda kukawauza Anaphiri. Ndaima pakhomo.

Loweruka, 14 Juni

Abale pansi pa mtengo wa mango. Ndaimirira, pepala m'manja, ndatsokomola kawiri. Alamu atulukira, katoni pakaliyala ya njinga.

"Ndinakuonani mukulemba m'chikhatho, alamu. Nawa mabuku anu. Chemwali anandipatsa asanapite kuchipatala ku Mua. Anati: uzimupatsa limodzi pamwezi, azibwera yekha kudzatenga. Ukapanda kutero adzadzitsekera m'nyumba ngati kamba."

Onse akundiyang'ana. Azakhali awo a malemu afunsa: "Nanga inu mumati munene chiyani?"

Pepala lija ndayamba kudzikupiza nalo. M'Juni muno!

Lamulungu, 15 Juni

Pochokera ku misa ndatsegula kope lija, ndikuwerenga pang'onopang'ono. Ndi losanjidwa ndithu, motsata mmene tinkawerengera limodzi. La mbalame ndi la chaka chimene tinakwatirana. Lomaliza ndi lija tinalekeza pakati.

La mbalame ndasunga. Asanu ndi limodzi otsalawo ndawamangirira panjinga, abwerere ku Golomoti. Miyezi isanu ndi umodzi ya thobwa la alamu, nanga nditani.

Munthu amene ndinayenera kumuganizira kuyambira Lolemba sindinamuike n'komwe pamndandanda. Mwandichenjerera, Anaphiri.