Mfuti Yosalirapo ya Malemu Alvar

Tcherani khutu, inu mibadwo yam'tsogolo, mumve za chaka chija chipale chofewa chinafulumira kugwa, m'masiku amene amuna a m'chigwa cha Granvik ankatseka masitolo ndi kuzemba maukwati a abale awo chifukwa nyengo yosaka mphalapala yakwana. Pakuti m'chaka chimenecho ndi mmene inabuka nkhondo yolimbirana mfuti ya malemu Alvar.

Mfutiyo inali ya mipope itatu, iwiri ya mbalame ndi umodzi wapansi wa nyama zikuluzikulu, mtengo wake wonyezimira ngati uchi, ndipo pachitsulo pake mmisiri wa ku Germany anazokotapo gwape mpaka nsidze zake. Koma ulemerero wake weniweni unali wakuti chichokere m'manja mwa mmisiriyo inali isanalirepo. Kwa zaka makumi anayi, Lamulungu lililonse, Alvar ankaitulutsa m'kabati yachitsulo, n'kuipaka mafuta, n'kuibwezera, osalola munthu kuikhudza.

Torgny Hedlund, Mkango wa m'Magazini a Mfuti, Wodziwa Kulemera kwa Chipolopolo Chilichonse, iye amene ankayenda ndi chithunzi cha mfutiyo m'chikwama pamene anzake amaikapo cha zidzukulu, anali ataidikira theka la moyo wake. Sankamufunira imfa Alvar, ayi, koma akamva kuti akutsokomola ankafunsa mwachidwi ndithu. Maliro atatha ananyamula keke ulendo kwa Gunvor, mkazi wamasiyeyo, ndipo pakhonde anapezapo kale Folke Nyström, Mtsinzina-Diso, Mliri wa Zitini Zopanda Kanthu, atanyamula keke yokulirapo.

"Iwe Folke," anatero Torgny atatukula chifuwa, "iwe amene unaphonya mphalapala itaima ikudya maapozi kuseri kwa nyumba yako, ukufuna chiyani pakhomo lopatulikali?"

"Ndabwera kudzapepesa alamu," anayankha Folke. "Nanga iwe, dzimbiri lili mumfuti zako zija watha kulipala?"

Mawu amenewa anang'amba gulu la alenje pakati. Milungu itatu yathunthu a mbali ya Torgny sanamwe khofi wa m'fulasiki ya a mbali ya Folke, soseji ankawotchera pamoto iwiri yosiyana, ndipo agalu okha ndiwo ankalonjerana.

Gunvor atatopa ndi makeke anagamula mlandu. "Loweruka m'mawa tikakumane kubwalo lowombera. Amene akalase mphalapala yakatoni yophunzirira kuwombera ija ndi mfuti imeneyi, yake."

Loweruka linafika, chigwa chonse chinasonkhana, ndipo maere anagwera Torgny. Gunvor anaika chipolopolo, namutambasulira mfutiyo. Mphalapala yakatoni inayamba kuyenda panjanji yake. Apa ngwazi yathu Torgny anaona msampha: akangokhethemula, ndiye kuti wapata mfuti yoti yalirapo, yofanana ndi ina iliyonse m'chigwamo. Manja anawabisa kumbuyo.

"Alamu, sindingathe. Ayambe Folke."

"Ine?" anatero Folke akubwerera chambuyo. "Ndikhale ine woiwononga? Bola mundidule chala."

Gunvor anawayang'ana onse awiri, kenaka anatulutsa kapepala m'thumba la jekete. "Chiphaso cha ulenje ichi, ndinakhoza mayeso mwezi wa Meyi. Zaka makumi anayi ndakhala ndikupita ndekha kutchalitchi chifukwa cha mkazi mnzangayu. Lero ndimveko mawu ake."

Anaitsamiritsa paphewa. Inalira kamodzi, akhwangwala anabalalika, ndipo mphalapala yakatoni inabooka pamtima penipeni.

"Ndiye ndi yanga," anatero. "Koma zopukutapukuta ine ayi. Alipo angandithandize?"

Mikono iwiri inakwera nthawi imodzi.

Chomwecho pangano la mtendere linasindikizidwa pa boneti ya galimoto, mboni zitavula zipewa: mpope wakumanja azipukuta Folke, wakumanzere Torgny, wapansi azisinthana mwezi ndi mwezi, zonse zizichitikira kukhitchini kwa Gunvor, nsapato atavulira pakhomo. Moto iwiri ija anaiphatikiza, mafulasiki anayenda dzanja ndi dzanja, ndipo wina anaimba lipenga la alenje molakwitsa.

Mwezi woyamba wa mpope wapansi, womwe unali utangolirawo, unagwera Torgny. Gunvor anamupatsira mfutiyo ikadali yofunda, ndipo aka kanali koyamba kuigwira. Anasuzumira mumpopemo, naona mwaye uli bii. Misozi inayenderera mpaka m'ndevu.

"Ukulira chiyani tsopano?" anafunsa Folke.

"Wamva mmene inalirira?" anatero Torgny. "Alvar wafa osaimva."