Mizere ya makala pakhoma la kuchipinda

Anzanga, ine poyamba ndinkangofuna kuti mkazi wanga Anifa achire phewa, basi. Linayamba kumupweteka titakumba mbatata, atasenza matumba mpaka dzanja lamanja kukanika kukwera, ngakhale kumanga mpango kumutu ankachita kuitana mnansi. Ndinamuperekeza ndekha kuchipatala, kumene anati mtsempha wa paphewa watupa, azipita kawiri pa sabata ku fizyoterapiya, kuja amawongola ziwalo.

Koma chipatala chanji chopanda jakisoni? Munthu amapita, amabwera chimanjamanja, ngakhale kambewu kamodzi ka mankhwala ayi, koma nkhope ili mwee. Mtima wanga unayamba kugunda molakwika.

Tsiku lina m'mawa, kuzizira kwa ku Lichinga kuno kuli tsoo, ndinamupeza kuchipinda atayang'ana khoma, zala zikukwera pang'onopang'ono ngati kangaude, milomo ikunong'ona. Pamene zala zalekezera anajambulapo mzere ndi khala. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti mizere ilipo kale yambiri, wina pamwamba pa unzake, ndipo khoma lake ndi la mbali imene ndimagona ine! Madzulo ake ndinamuonanso atawerama, dzanja lili lendee, akulizunguza ngati akutakasa mphika wosaoneka. Inu mukanaganiza chiyani?

M'malo momufunsa mwini wake, nkhani ndinakaitula kwa Jafali, mnzanga wogulitsa naye mbatata kumsika. Iye sanachedwe, anati ameneyo ndi khuzumule, mankhwala opusitsa mwamuna, ndipo mzere ukafika kudenga ndiye kuti ndatha ine. Anandifunsa ngati sindinayambe kuchita zachilendo pakhomo. Apa ndinamukhulupirira, chifukwa mwezi wonsewo ndinali ndikutunga madzi, kutsuka mbale, mpaka kuchapa zovala za ana azimayi a m'dera lathu la Lulimile akuona, osadandaula ngakhale pang'ono.

Ndinasiya kudya zophika Anifa, n'kumanama kuti m'mimba mwandivuta, kwinaku ndikukhuta chinangwa chootcha kumsika. Kenako atapita kuchipatala ndinasungunula mchere m'beseni, monga anandilangizira Jafali, n'kukwecha khoma lonse mpaka laimu kusupuka. Anifa atabwera anaima pakhomo la chipinda n'kuyamba kulira mwakachetechete. Ine chitsiru ndinati eya, mankhwala asukuluka, ndipo pompo ndinaimbira foni amalume ake, a Saide, nkhoswe yathu, kuti abwere adzatenge mwana wawo.

Mkuluyo anasiya maukonde ake kunyanja ku Meponda n'kukwera galimoto mtunda wonse uja. Titakhala pansi ndinafotokoza zonse, mpaka kuimirira n'kuwasonyeza mmene zala zimakwerera pakhoma. Anifa anayankha mosakweza mawu kuti amenewo ndi masewera amene anamupatsa kuchipatala kuti phewa lisaume, kunong'onako amawerenga, ndipo mizereyo ndi imene inkamulimbitsa mtima poona kuti dzanja likukwera ndithu.

A Saide anavula jekete, anapita pakhoma langa losupukalo, n'kuyamba kukweza zala mwaluso kuposa mwana wa mlongo wawo. Atafika pamwamba anatembenuka.

"Mkamwini, ine phewa ili linatha ndi kukoka khoka, ndipo khoma ndakhala ndikulikwera chonchi kuyambira dzinja lapitali. Ndiye mundiuze, ine ndikupusitsa mwamuna wa yani?"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinayamba kupepesa mawu akugwa m'kamwa, kunamizira Jafali, kunamizira kuzizira, koma Anifa anandidula ndi funso limodzi, akundiyang'ana m'maso.

"Bambo a Zito, ndiye kuti madzi aja munkatunga, ndi mbale zija, munkaona ngati ndakudyetsani mankhwala? Ine ndinkauza anzanga onse kuchipatala kuti mwamuna wanga amandikonda."

Kunena zoona anzanga, mbama ikanakhala bwino. A Saide anagamula kuti mwana wawo sapita kulikonse, koma ineyo ndizimuperekeza ku fizyoterapiya mpaka atachira. Ndiye pano Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndimakhala pabenchi pakati pa azimayi omwe aja anauzidwa kuti ndine mwamuna wabwino, ndipo nkhani yonse anaimva kale. Ndikangolowa, wina amakweza zala m'mwamba, benchi lonse n'kufa ndi phwete.

Ndalumbira, ngakhale nditamupeza Anifa ataima chadodolido pakati pa nyumba, ndidzangofunsa kuti kodi adokotala ati kangati pa tsiku.