A Matayala a Pabwalo la Ndege

Pabwalo lathu la ndege zing'onozing'ono panalibe wosawadziwa a Matayala. Ndege ikangomveka, ankaponya pansi chikwakwa chotchetchera udzu, n'kutchinga dzuwa ndi dzanja, n'kuwerenga mokweza: "Limodzi, awiri, atatu. Itere!" Ngakhale pamaliro ankatuluka ulaliki uli mkati kukawerenga.

Kale iwonso ankayendetsa ndege. Tsiku lina anaiwala kutsitsa matayala, ndege n'kutera chamimba ikulavula moto. Anatulukamo opanda ndi bala lomwe, koma ntchito inathera pomwepo. Akazi awo ankati kuyambira pamenepo ngakhale wilibala sankaikankha asanaisuzumire kunsi.

Ine sindinkawafuna. Mdzukulu wanga wamkazi akuphunzira kuyendetsa ndege, ankamuimitsa m'mawa uliwonse kumufunsa ngati matayala akuwakumbukira. Ndinawalondola konko. Ndinawauza kuti kumtundu kwathu kulibe oiwala, mwanayo masamu anaposa anyamata onse, tsoka lawo asapake ana a eni. Anangoseka: "Mayi, masamu inenso ndinkakhoza."

Mdzukulu wanga atalandira chiphaso, tinapita banja lonse kukamuona akutera, ine nditavala nsapato zondiluma. Ndege itatulukira tinayambiratu kuwomba m'manja. A Matayala anakweza chala kuti awerenge, chala chija n'kuumira m'mwamba. Kunsi kwa ndege kunali see, ngati mimba ya nsomba.

Nkhalambayo, ndi nyamakazi yake yomwe, inathamanga mpaka pakati pa msewu woterapo ndege. Inavula malaya n'kukupiza. Ndege ikubwerabe. Inavula buluku, pamaso pa ine ndi apongozi anga, n'kumalizunguza m'mwamba. Tonse kukamwa yasa. Ndege inawadutsa pamutu penipeni, inakweranso, inazungulira, matayala n'kutuluka onse atatu.

Mwanayo anatsika m'ndege. Anati belu lochenjeza limalira ndithu, koma sanalimve. "Agogo, maso anali pagulu, ndimafuna ndikuoneni mukundinyadira." Chomwe chinamudzidzimutsa ndi munthu wopanda buluku.

Ndinavula mpango wanga n'kuwapatsa a Matayala kuti adziphimbe. Ndinkayembekeza kuti andibwezera mawu anga aja. Anangoti, akupumira m'mwamba, "Atatu, mayi."

Anatisiya chaka chatha. Udzu tsopano amatchetcha ndi makina, ndipo ndege zimangotera popanda wozilonjera. Koma ine ndikamva kulira kwa ndege, ndimasiya mbale m'madzi n'kutuluka, dzanja pachipumi. Mpweya ndimautulutsa ndikafika pa atatu.