Chinangwa cha Mizimu pa Phiri la Tumbine

Pansonga pa phiri la Tumbine ndinafika ndithu, zimenezo zokha zidziwike. Zinazo ndi zimene zimandichititsa kulambalala nyumba ya apongozi anga mpaka lero.

Nkhani inayamba apongozi aamunawo atanena pagulu kuti mkamwini wawo, ndi chimimba chakechi, sangakwere ngakhale chulu. Zinandiwawa kwambiri. Ndinalumbira kuti Loweruka ndikaponda pansonga penipeni, ndipo iwo ndi mlamu wanga Zakariya anati andiperekeza kuti akadzionere okha.

Tinanyamuka m'mamawa. Podutsa m'minda ya nyemba ndinali patsogolo, ndikuimba mluzu. Titalowa m'nkhalango mluzu unatha. Pofika pamiyala yoterera ndinali ndikukwawa (musaseke, phirili mukaliona muli m'tauni ya Milange limanamiza), anzangawo atandisiya kutali.

"Kunyado, tikudikireni?" anakuwa Zakariya chakumtunda, poti kuno mlamu timati kunyado.

"Nada! Tsogolani, ndikupezani!"

Pakamtsinje kena, njala itandipweteka, ndinaona phukusi la masamba a nthochi lili pamwala, popanda munthu pafupi. Kumasula, chinangwa chophika ndi nthochi zakupsa. Ine ndinakulira kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene aliyense amadziwa lamulo la m'phiri: ukapeza chakudya ndiye kuti mizimu yakupatsa, idya wekha osaitana mnzako, apo ayi kwanu subwerera. Ndine mkulu wa mpingo, inde, koma sindinafune kuyesa dala. Ndinadya chonse, kuomba m'manja katatu, n'kupinda masamba aja bwinobwino.

Mphamvu zinabwerera. Ndinakwera modzikoka mpaka pansonga, Mulanje uyo, malire awo, apongozi n'kundigwira chanza koyamba chikwatirireni mwana wawo. Mtima unadzaza.

Potsika, mkuluyo anaima pamwala uja.

"Zakariya, kamba wathu tinasiya apatu."

"Ndi anyani, papa."

"Anyani opinda masamba?"

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana pamimba. Ndinaulula zonse, ndi za kuomba m'manja zomwe, maso ali pansi. Munthu wamkulu, amene anali asanalawe kanthu chidzukireni, anatola masamba opinda aja.

"Ndiye mizimu yake ndife," anatero. "Mwatiombera m'manja, obirigado. Tiyeni, mizimu ikadye kunyumba."

Mkazi wanga akuti ndiphunzire kufunsa ndisanadye. Koma m'phiri ufunsa ndani, poti lamulo likuti osaitana munthu? Ndikadzapezanso chakudya pamwala ndidzadya basi. Apongozi amakhululuka, za mizimu sindikudziwa.