Tsiku Limene Ndinasaukitsa Nyumba ya Amayi

Aise, ndikudziwa kale kuti simukhulupirira. Inu nomwe mumati ine ndikanena kuti ndathamangitsidwa ndi galu ndiye kuti kanali kamwana ka mphaka. Koma iyi yokha, amene akukayika akwere njinga, ndilipira ndine, apite ku komboni yathu ya Nabvutika akafunse aliyense za mnyamata wa matope. Ngakhale nkhuku za kumeneko zikuuzani.

Inali nyengo yokumba nshawa. Amayi anapita kumunda kwathu ku Chipangali, kundisiya pakhomo ndi asisi anga a Velonika. Asananyamuke anapentetsa nyumba yonse buluu, wowala woti ukamuyang'ana masana misozi imatuluka yokha. Anaikitsanso geti, nagula makatani atsopano. Chifukwa chake n'chakuti asisi anapeza mwamuna, a Gilibati, mphunzitsi wa cha ku Tamanda, ndipo Loweruka abale ake ankabwera koyamba kudzafunsira ukwati. Ndalama ya penti ameneyo amayi anaisunga zaka zisanu (chabwino, chaka chimodzi, koma chinali chachitali).

“Iwe,” anatero amayi atakwera kale njinga, “ntchito yako ndi imodzi. Khoma ili lisakhudzidwe ndi mwana wa munthu. Anthu aja akabwera aone kuti Velonika akuchokera pakhomo pa anthu. Ndalama iyi ndi ya nkhuku ziwiri ndi mpunga wa alendo. Wamva?”

Ndinamva. Vuto langa silinakhalepo kumva.

Lolemba m'mawa ndikumwa tiyi pakhonde, pageti panaima bambo wina wa taye yofiira, faelo m'khwapa, khadi ikulendewera pakhosi.

“Odi! Kodi ndikulankhula ndi bwana mwininyumba?”

Anzanga, chibadwire palibe amene ananditchulapo bwana. Ngakhale wogulitsa zitumbuwa amandiitana kuti “iwe”. Ndinaika kapu pansi pang'onopang'ono n'kukhosomola ngati munthu wa mapuloti atatu.

“Ndine amene. Lowani.”

Analowa, nayang'ana khoma, naliza kamluzu, kenako n'kupukusa mutu ngati wafika pamaliro.

“Penti wabwino uyu. Pepani kwambiri, bwana.”

“Pepani chiyani?”

Ndiye anandifotokozera. Akuti msonkho wa nyumba uja timalipira ku khansolo, mareti, amauyesa poona mmene nyumba ikuonekera. Akuti Lachinayi kukubwera anthu oyesa nyumba, ndipo akangoona penti, geti ndi dishi ya TV padenga, msonkho ukwera katatu. Kalata ya mareti ikafika kwathu amayi amakhala masiku awiri osaimba ngakhale nyimbo ya kwaya. Tsopano katatu?

“Koma musadandaule,” anatero akutsegula faelo. “Ntchito yanga ndi imeneyi. Mukandipatsa kangachepe, ndikulembani pa fomu ya anthu ochepekedwa, msonkho utsika mpaka theka. Oyesa aja akabwera, inu mungolira umphawi. Komatu chenjerani, sanena kuti achokera kuti. Amabwera ngati alendo wamba kuti akupezeni mmene mulili.”

Kangachepe kaja kanafanana ndendende ndi nkhuku ziwiri ndi mpunga. Ine ndinaona ngati chizindikiro chochokera kumwamba. Ndinapereka, iye anandipatsa pepala la chidindo chofiirira ndi nambala yake ya foni, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Usiku ndinalota amayi akundiimika patsogolo pa tchalitchi kuti anthu aone mwana wanzeru.

Apa ndinene chilungamo: za matope bambo uja sananene. Nzeru imeneyo inali yanga ndekha, ndipo sindilola kuti wina andilande.

Lachinayi asisi atangopita kushopu kumene amagwira ntchito m'tauni, ine ndinayamba. Geti ndinazula n'kukabisa kuseri kwa chimbudzi. Dishi ndinatsitsa. Makatani ndinachotsa n'kupachika matumba a feteleza. Mipando yonse ya pabalaza ndinakasungitsa kwa aneba athu, Mayi Zulu, n'kubwerekanso mbuzi yawo. Pabalaza ndinandandalika mabeseni anayi ndi poto kuti ziziwoneka ngati denga limadontha (unali mwezi wa Meyi, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo ka mankhwala). Nditaima pamsewu n'kuyang'ana, ndinaona kuti buluu uja akundiwonongerabe ntchito. Ndiye ndinakanda dothi lofiira m'wilibala, n'kuyamba kumata ndi manja, mosangalala, ndikuimba.

Mayi Zulu anasuzumira pampanda.

“Iwe mwana, mukusamuka kapena wadya chamba?”

“Amama, awa ndi maphunziro. Mwezi wamawa mudzabwera kudzandifunsa nzeru.”

“Amako akudziwa?”

“Adzadziwa akadzaona kalata ya msonkho.”

Anangodzilemba chizindikiro cha mtanda n'kubwerera m'nyumba.

Pomaliza ndinavala buluku langa lakumunda, lija mphepo imalowera kumbuyo n'kutulukira kumaondo, n'kukhala pa njerwa kudikira.

Cha m'ma leveni ndinawaona akubwera. Bambo wachikulire wa jekete, kabuku ndi cholembera m'thumba la pachifuwa, ndi mayi wa chitenje chatsopano. Ankayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana nyumba iliyonse. Alendo wamba! Ndendende mmene ananenera bwana wa taye. Ndinatsala pang'ono kuvina.

“Odi kuno. Kodi pano ndi pa Mayi Phiri?”

“Ndi pompano, bwana, pa likulu la mavuto. Lowani, geti palibe, sitinakhalepo nalo chibadwire.”

Ndinawakhazika pa zigubu za madzi. Anandipatsa moni mwaulemu, kenako bamboyo anafunsa ngati amayi alipo.

“Anapita kumudzi kukapempha chakudya. Koma chilichonse munene kwa ine.”

“Ayi mwanawe, nkhani yathu ndi ya akuluakulu. Tidikirako pang'ono.”

Mumtima ndinati, bisani, bisani, ine ndakudziwani kale. Ndiye poti akudikira, ndinati ndiwaonetse nyumba. Ndinawalowetsa pabalaza. Mbuzi inali itayamba kale kudya thumba la pawindo.

“Nanga mabeseniwa?” anafunsa mayi uja.

“Denga, amayi. Limadontha ngakhale mu Okutobala. Ndi mame okha timasamba.”

Bamboyo anatulutsa kabuku n'kulemba kenakake. Aise, chimwemwe chimene ndinamva! Ndinkachita kuona msonkho ukutsika ngati njinga yopanda mabuleki paphiri.

“Kodi Velonika amagona pati?” anafunsanso mayiyo, mawu atatsika.

Apa munthu wanzeru akanaima. Ine ndinangoti, eee, boma limadziwadi zonse, mpaka maina athu.

“Apa pakona, ndi mbuziyi. Mu Juni ndiye bulangeti lake.”

“Komatu tinamva kuti ali pantchito.”

“Ntchito yanji, amayi? Ndalama yake imathera m'njira. Chiyembekezo chathu chatsala chimodzi basi. Pali kamphunzitsi kena kosauka nkhope kakufuna kumukwatira. Tikungodikira kalowe m'khola, tikakwere pamsana banja lonse. Ine ndasankha kale chipinda kwawoko.”

Anayang'anana. Mayi uja anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinati chisoni chawagwira, ndiye ndinawonjezera kuti mwezi watha tinadya sopo (sindikudziwa chifukwa chake ndinanena zimenezo, pakamwa panali patangotenga liwiro).

Nthawi yomweyo pamsewu panadutsa wanjinga atanyamula mayi wina ndi thumba la nshawa. Anadutsa. Patapita kamphindi anabwerera. Anadutsanso. Kachitatu ndinamva mawu amene ndimawadziwa kuyambira ndili m'mimba:

“Imani, imani! Mtengo wa mapeyala ndi wanga, koma nyumba yanga ili kuti?”

Amayi anali atabwerako tsiku limodzi msanga kuti adzakonzekere alendo. Anatsika, nayang'ana khoma, nayang'ana pamene panali geti, nayang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka mabowo a buluku. Ndinathamanga n'kuwanong'oneza: “Amayi, musawononge, ndi a msonkho awa. Lirani njala.”

Amayi anandilambalala. Anapita kwa alendo, nagwada, napereka moni. Ndiye bambo uja, poona kuti wamkulu wafika, anavula chipewa.

“Zikomo amayi. Ine ndine malume wake wa Gilibati, awa ndi azakhali ake. Tinabwera m'tauni kudzagula zina ndi zina, ndiye tinati tione njira kuti Loweruka tisadzasochere.”

Anzanga, mbuzi inasiya kutafuna. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike, koma dothi lonse ndinali nditamata kukhoma.

Amayi anatembenuka akumwetulira, kumwetulira kuja kumene kumatanthauza kuti maliro ako ndi mawa.

“Mwanangu, pita ukatenge mipando kumene waisiya. Usafulumire.”

Sindinafulumire. Ndinakhala kwa Mayi Zulu ola lathunthu, iwo akuseka mpaka kugwira khoma. Pobwerera ndinapeza alendo akutsanzika, ndipo azakhali aja anandisisita paphewa n'kunena kuti, “Mulungu akusunge, mwanawe.”

Zimene zinachitika alendo atapita sindilemba, poti mwina ana akuwerenga. Ndingoti asisi atabwera madzulo anandithamangitsa ndi mthiko kuzungulira Nabvutika yense kawiri (kamodzi, koma Nabvutika ndi wamkulu). Foni ya bwana wa taye inali yozima. Lachisanu m'mawa amayi anandikoka mpaka ku ofesi ya khansolo ndi pepala langa lija. Mayi wa pawindo analiyang'ana n'kundifunsa ngati ndinapita kusukulu. Anati wofuna kudandaula za msonkho amabwera yekha ku ofesi, palibe amene amatumidwa kukatolera ndalama m'makomo. Kenako anandiuza kuti ndiwerenge chidindo chija mokweza. Chinali cha chigayo.

Tsiku lonselo ndinakwecha khoma mpaka zala zinachita makwinya. Nsapato zanga zoyera zotchenera ndinagulitsa kuti nkhuku ndi mpunga zipezeke. Loweruka akuchimuna anabwera, anakambirana, anadya, ndipo ukwati unatheka. Lero asisi ali ku Tamanda ndi a Gilibati awo, ndipo alamu angawo ndi munthu wabwino kwambiri, nkhope yawonso ilibe vuto lililonse.

Inu nonse ndakhala ndikukuuzani kuti Loweruka limenelo ndinaimirira ngati mwamuna, ndinapepesa, anthu n'kundiombera m'manja. Linali bodza.

Zoona zake ndi izi. Ola lija ndinali kwa Mayi Zulu, amayi anaona kuti ukwati wa mwana wawo ukupita ndi madzi. Ndiye anauza alendo kuti ine ndinagwa mumtengo wa mango ndili ndi zaka zisanu, ndinafikira mutu, ndipo chiyambire pamenepo akandisiya ndekha ndimachita zoterezi. Alendo anamvetsa msanga kwambiri. Sanafunse ngakhale funso limodzi, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandiwawa mpaka lero.

Loweruka m'mawa amayi anandiitanira kuchipinda.

“Usankhe. Kapena ndiwe wopenga, kapena mlongo wako sakwatiwa.”

Ndinasankha. Tsiku lonse ndinakhala pampasa pakona ndikumwetulira, osalankhula. Amalume ake a Gilibati anabwera pafupi, nawerama, nandifunsa mokweza, liwu limodzilimodzi, “U-li bwa-nji, mnya-ma-ta?” Kenako anatulutsa kabuku kaja. Zimene ankalemba tsiku lija sizinali za msonkho. Anali atayerekeza saizi ya chiuno changa. Anandipatsa pulasitiki, m'kati muli buluku latsopano.

Ndi lija lakuda munalitama pa Khirisimasi, ine n'kukuuzani kuti ndinaitanitsa ku Lusaka.