Kompyuta Yanga Yotulutsa Magetsi

Nkhani iyi ndi yamanyazi, abale. Ndikayamba kuifotokoza, mkazi wanga amatuluka m'nyumba kuti akasekere panja momasuka. Koma poti kwathu kuno ngakhale ana a mkaka akuidziwa, bola muimve kwa mwini wake.

Ine ndine Limbani, mlimi wa fodya m'mudzi wina kuseri kwa Chamama. Kwathu mapolo a magetsi sanafike, timangowaona tikapita pa trading. Foni timakatchajitsa komweko.

Matenda anga ndi magemu. Anandigwira ndili ku sekondale ku boma, pa kashopu kena pamene tinkamenya mpira wa pa sikirini mpaka kuiwala ulendo wa ku hostel. Ndinakula, ndinakwatira, mwana Tadala anabadwa, koma matendawo sanachoke. Ndikamasoka fodya m'chigafa zala zimangoyenda zokha ngati zagwira pad yosewerera magemu.

Chaka china fodya anatiyanja. Tsamba linauma bwino, ku okushoni mabelo onse anadutsa, palibe lomwe linabwezedwa. Tinakhala pansi ndi mayi a Tadala n'kugwirizana. Feteleza wa chaka chamawa poyamba. Kenako sola ya pa nyumba, yathunthu, ya batire ndi inveta yake, yomwe iwo anakhala akuilira kuyambira tili pa chibwenzi. Zotsala ndigule kompyuta ya magemu yotchipa, yoti izidya moto wa sola yomweyo, anyamata azibwera kudzasewera n'kumalipira.

Ndinakwera basi wa ku boma, kwa Yamikani, mnzanga wa ku sukulu amene amakonza makompyuta.

"Aise, ndikufuna makina a magemu," ndinatero, "koma thumba ndi la mlimi."

"Usadandaule," anatero Yamikani. "Tisankha ngati pa kaunjika. Chakale koma cholimba."

Anayala zipangizo pa tebulo. Anayamba ndi processor, yomwe anati ndi ubongo wa makinawo. Tinatenga yakale pang'ono koma yoganiza msanga. Pa RAM, yothandiza ubongowo kukumbukira, anati titenge ziwiri zazing'ono m'malo mwa imodzi yaikulu, chifukwa zimakoka limodzi ngati ng'ombe pa goli. Apo ndinamva bwino, ndinagwedeza mutu ngati katswiri.

Tinafika pa graphics card, imene imajambula zonse zooneka pa sikirini. Anatulutsa ziwiri. Ina yaing'ono, yokwana m'thumba langa. Ina chimkoko, ya mafani atatu, yolemera ngati njerwa.

"Kusiyana kwake n'kotani?"

"Yaing'onoyi osewera amathamanga ngati ali m'matope a m'dambo. Yaikuluyi umaona mpaka thukuta la goloboyi."

Thukuta la goloboyi! Koma ndalama zinakana, ndiye ndinameza malovu n'kuloza yaing'ono ija.

Kenako ndinaona kabokosi kena kachitsulo, zingwe zili mbwee ngati mizu ya mbatata.

"Nanga aka?"

"Power supply imeneyo. Apa pokha osaumira, aise. Imeneyi ndi imene imapereka moto ku zonse."

"Ku zonse?"

"Zonse. Processor, graphics card, mafani, zonse zimadya kwa iyeyu."

"Moto wochuluka bwanji?"

"Ma watts 600. Makina akowa sangamalize, wotsala ukhalapo wambiri."

Wotsala ukhalapo wambiri! Tsono ine Chingerezi ndinakhoza, musandiderere. Power ndi magetsi. Supply ndi kupereka, ngati ma supplier a feteleza. Ndinaphatikiza ziwirizo m'mutu, maso anatseguka.

"Yamikani, tamvetsetsane. Ndikagula kabokosi aka, nkhani ya moto yatha?"

"Yatheratu!"

Mnzangayo kwathu anali asanafikeko. Iye ankaganiza kuti ndili ndi soketi pakhoma ngati munthu wina aliyense. Ine ndinkaganiza kuti ndapeza jenereta yosalira petulo. Ndinadzifunsa kuti, kodi munthu wanzeru angagulirenji sola pamene magetsi ali kale m'kompyuta?

Ndinapisa m'thumba lina, la ndalama za sola.

"Bweretsa ya mafani atatu!"

Ndinawonjezanso bokosi la kompyuta la galasi lokhala ndi timagetsi tamitundumitundu, ndi extension yaitali ya mabowo ambiri yoti ndizigawira anthu moto wotsala uja. Yamikani anati zipangizo zina ayitanitse ku Lilongwe, akamanga adzanditumizira.

Nditafika kunyumba, mayi a Tadala anasuzumira kumbuyo kwanga.

"Bambo a Tadala, sola ili kuti?"

"Sola ndi ya anthu akale, mayi. Kukachita mitambo imagona. Ife tagula power supply."

"Ndiye chiyani?"

"Magetsi a m'bokosi. Kompyuta idya pang'ono, otsala tiwunikira nyumba yonse, mpaka kukhitchini."

Anagwira m'chiuno.

"Mwafunsitsa?"

"Kawiri konse!"

Patapita masiku, Yamikani anatumiza kavidiyo pa foni. Abale, makina anali atayaka! Mafani akuzungulira, timagetsi tikusintha, kufiira, kubiriwira, kufiiranso. Chingwe cha kuseri sichinkaoneka. Kavidiyo kameneko ndinakaonetsa paliponse: pa mjigo, pa bawo, ngakhale kutchalitchi mapemphero atatha.

"Mukuona? Popanda polo, popanda dzuwa!"

Mbiri inayenda kuposa moto wa m'tchire wa mu Okutobala. Amayi a m'mudzi anayamba kundipatsa moni wogwada. Mkulu wa kwaya anandikokera pambali n'kufunsa ngati angabwereke makinawo Lamlungu kuti ayimbire kiyibodi. Ndinati tiona pulogalamu. Matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe anatuma nthumwi kudzafunsa mtengo wotchajira foni. Bambo wina anabwera m'mamawa, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, kodi chigayo ingayendetse?"

Ndinaganiza kaye mozama.

"Chigayo ayi, tisanamizane. Koma firiji, mwina."

Onani kudzichepetsa kwanga.

Loweruka masana katundu anafika pa njinga yamoto, makatoni awiri omangidwa ndi malamba. Pakhomo panga panali ngati pa chinkhoswe. Mayi a Tadala anali atakazinga zitumbuwa zoti agulitse, thobwa lili m'ndowa. Ngakhale apongozi anga, bambo awo a mkazi wanga, anabwera atavala jekete ya kutchalitchi, wailesi ili m'khwapa.

"Akamwini," anatero, "mabatire andisaukitsa. Ndamva kuti mwatiombola."

"Khalani pa mpando, bambo. Mavuto atha."

Ndinaika tebulo pansi pa mtengo wa mango. Ndinatulutsa kompyuta, anthu anati, "Eeee!" Ndinatulutsa sikirini, anati, "Aaaa!" Ndinalumikiza zingwe mosamala monga Yamikani anandiuzira. Cha mbewa ya kompyuta, cha kiyibodi, cha zithunzi. Zonse zinalowa m'malo mwake.

Panatsala zingwe ziwiri zakuda, zokhala ndi pulagi ya mano atatu. China chinakwana kuseri kwa sikirini. China chinakwana ndendende pa power supply. Ndinamwetulira.

"Apa ndi potulukira magetsi," ndinalengeza, nditakweza pulagi m'mwamba kuti a kumbuyo aone.

Ndinaibaya mu extension kuti moto ulowemo. Ya sikirini ndinabayanso momwemo. Kenako ndinalola anthu kuti ayambe. Matchaja analowa, mafoni anaunjikana pa tebulo ngati nsomba pa msika. Wailesi ya apongozi ndinaipatsa bowo laulemu, loyamba.

Tsono extension nayo ili ndi pulagi yake kumapeto kwa chingwe. Inatsala m'manja mwanga. Ndinaiyang'ana, nayo inandiyang'ana. Ndinazungulira tebulo kufunafuna polowera. Ndinasuzumira kuseri kwa kompyuta, kulibe. Anthu akungodikira.

Ndinaona kuti pa extension patsala bowo limodzi.

Ndinaibaya momwemo.

"Kuti moto uzizungulira," ndinafotokoza. "Usamatayike."

Mkulu wa kwaya anagwedeza mutu. "Nzeru zimenezo."

Ndinapukuta chala pa malaya. Ndinapempha apongozi kuti apemphere kaye, ndipo anapempheradi, kuthokoza chifukwa cha kuwala kumene kwafika m'mudzi mwathu. Anthu anati ameni. Ndinadina batani.

Zii.

Ndinadinanso. Zii. Nkhuku ina inadutsa pansi pa tebulo.

"Ikutenthetsa kaye injini," ndinatero.

Ndinadina mokanikiza, ndinadina mofatsa, ndinadina ndi chala chachikulu. Kuseri kwa power supply ndinapezako kaswitchi, mtima unakhala pansi. "Eya, ndi aka!" Ndinakatembenuza. Anthu anasendera pafupi. Ndinadina.

Zii.

Thukuta linayamba kutsika m'khosi, chonsecho kunali kwa chisanu cha mu Juni. Mayi wina anatola foni yake n'kuiyang'ana.

"Yangayi sikulowa moto."

"Yanganso!"

Apa ndinapsa mtima. Ndinadziwa kuti Yamikani wandigulitsa power supply yopanda kanthu, mwina anamaliza magetsi onse pojambula kavidiyo kaja. Ndinamuimbira, ndipo kuti anthu adziwe kuti wolakwa si ine, ndinaika pa loudspeaker.

"Aise, wandichititsa manyazi! Makina ako sakuyaka!"

"Aa, zoona? Kuno amayaka bwinobwino. Wabaya pulagi?"

"Ndabaya!"

"Pati?"

"Mu extension."

"Chabwino. Nanga extension wabaya pati?"

"Mu extension."

Yamikani anatsokomola.

"Limbani, netiweki ikuvuta. Ndati extension wabaya pati?"

"Ndati mu extension! Kuti moto uzizungulira!"

"Moto wake uti?"

"Wa mu power supply! Si unati imapereka moto ku zonse? Si unati wotsala ukhalapo wambiri?"

Ndinamva chinthu chikugwa kumbali yake, ndikuganiza kuti unali mpando. Kenako kupuma kwa munthu amene akulimbana ndi moyo.

"Aise... aise... kwanuko magetsi aliko?"

"Akanakhalako ndikanagula power supply?"

Yamikani analira. Osati kuseka, kulira kwenikweni, kochita kuitana anzake a mashopu oyandikana kuti abwere adzamve. Pakati pa misoziyo anakwanitsa kunena kuti kabokosiko sikapanga magetsi. Kamatenga a pakhoma n'kuwagawira zipangizo za m'kati, basi.

Zonsezi pa loudspeaker.

Woyamba kuphulika anali apongozi. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, amene chikwatirireni mwana wake ndinali ndisanaonepo mano ake a m'kati. Anaseka mpaka jekete inatsika phewa limodzi, akumenya wailesi pa bondo.

"Ndapempherera extension!" ankatero. "Ine ndapempherera extension!"

Bwalo lonse linagwa. Amayi anagwirana mapewa, matenanti anakhala pansi m'fumbi. Bambo wa chigayo uja anabwera kudzandigwira chanza, ati zikomo pokana chigayo, ndinu munthu woona mtima.

Mayi a Tadala okha sanaseke msanga. Anayandikira, n'kusuzumira pa galasi la kompyuta, pamene panali chimkoko cha mafani atatu chija.

"Bambo a Tadala, sola yanga ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyo, mayi."

"Yokongola."

Ndinalumbira pamaso pa bambo awo ndi mudzi wonse kuti soya ndi mtedza zikagulidwa, khobidi loyamba ndi la sola, ndipo kokagula apita okha, ine ndidzangonyamula. Apo m'pamene anatembenuka, mapewa akugwedezeka, n'kuyamba kugawa zitumbuwa zaulere.

Apongozi anapukuta misozi ndi mpango.

"Akamwini, anthuwa abwera kudzaona chinthuchi chikuyaka. Sitingawabweze chonchi. Mangani ng'ombe, tipite nacho pa Chamama pamene pali magetsi enieni."

Tinamanga ngolo. Kompyuta tinaikhazika pa matiresi, ine nditaikumbatira ngati wodwala wopita kuchipatala. Apongozi anakhala kutsogolo ndi wailesi yawo. Kumbuyo kunali chikhamu, ena pa njinga, ena wapansi, mafoni ali m'manja. A kwaya anayambitsa nyimbo, ndipo sindinena mawu ake chifukwa munali dzina langa. Tinadutsa minda ya fodya yongotsala ziputu, fumbi lili koboo, anthu a m'midzi ya m'njira akutuluka kudzafunsa ngati ndi ukwati. Kunena zoona, pofika pakati pa ulendo nanenso ndinali ndikuyimba nawo.

Tinafika pa trading dzuwa litapendeka. Tinalunjika pa barbershop ina yomwe ili ndi soketi zambiri. Ndinadabwa kuona pakhonde padzaza anthu, ndipo atationa onse anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja.

Wometa uja anatuluka akuthamanga, makina ometera ali m'manja. Pambuyo pake panali bambo wina atakulungidwa nsalu m'khosi, mutu wometedwa mbali imodzi yokha.

"Mwafika, achimwene! Mulungu ndi wabwino!" anafuula wometayo. "Kuno magetsi athima chakum'mawa. Tamva kuti mukubwera ndi makina otulutsa magetsi, ndiye tonse tikudikira inu. Ndibaye pati?"

Abale, mukamva kuti chinthu chimapereka, yambani mwafunsa kumene chimatenga.