Diresi la Bokosi la Magetsi

Malemu a Mphuno sankapereka moni asananunkhize soketi. Akalowa m'nyumba mwako ankayamba agwada pakona, n'kukoka mpweya ngati galu wa alenje, kenako ndiye "Mwadzuka bwanji?" Ntchito yawo inali yokonza mawailesi, m'kachipinda koyandikana ndi shopu ya atelala, mayi wosoka madiresi aukwati. Atelalawo ankati bamboyu anabadwa mphuno ili patsogolo, thupi n'kumatsatira pambuyo.

Magetsi atayamba kuzimazima, mumsewu monse munadzaza mabokosi osunga magetsi, aja onyamula pamanja. A Mphuno anadzisankha okha kukhala woyang'anira. Wometa anagula lake lotchipa, lopanda dzina, lopanda ndi kapepala komwe ka malangizo.

"Analipanga ndani?" anafunsa a Mphuno.

"Kaya. Koma likugwira ntchito."

"Chinthu chobisa dzina la bambo ake usagone nacho m'nyumba. Kabweze, usanayambe kumeta anthu ndi moto."

Wogulitsa zakumwa anaika lake padzuwa, pakhomo, kuti odutsa azisirira. A Mphuno sanakangane naye. Anangoima pamenepo ndi ambulera, kulitchinga ngati mwana wodwala, mpaka mwini wake anachita manyazi n'kulilowetsa.

Koma amene anawamezetsa mate owawa anali atelala. Bokosi lawo linali labwino, poti anakasankha limodzi ndi a Mphuno, omwe anawerenga chilembo chilichonse pakatoni mpaka wogulitsa anayamba kuyasamula. Vuto linali chikondi. Atelala analisokera diresi la nsalu zotsala, la zipi, la lesi m'mphepete.

"Achemwali, mkwatibwi uyu ukwati wake ndi liti?" anafunsa a Mphuno ataliona.

"N'chifukwa cha fumbi, achimwene. Lisade."

"Inu atakufunditsani bulangete n'kukuuzani kuti thamangani, mungapume? Timabowo iti ndi mphuno zake. Livuleni, mulichotsenso pakati pa nsalupa!"

Atelala anavula. A Mphuno atangotuluka, anavekanso. Masewerawa anatha miyezi. Akangomva chifuwa cha a Mphuno m'khonde, dzanja linkathamangira zipi, diresi n'kulikhalira. A Mphuno ankagwira bokosi, n'kuyang'ana atelala.

"Lafundatu ili."

"N'kutentha kwa lero, achimwene."

"Ee, kutentha kwa lero kumasiya ulusi."

Kenako chifuwa chija chinakula, ndipo sabata isanathe a Mphuno anatisiya. Msewu unangoti zii. Anthu amene ankabisa mabokosi awo akamawaona akubwera anayamba kusuzumira pakhomo, ngati akudikira munthu.

Patapita mwezi, masana ena magetsi atazima, atelala anali pa liwiro. Ukwati unali Loweruka, ndipo diresi laukwati limene analisoka masabata atatu linali lopachikidwa pamwamba penipeni pa bokosi lija. Makina ndi ayironi zonse zinkayamwa pamenepo. Mkwatibwi ndi mayi ake anakhala pabenchi, akucheza, osamva kanthu. Koma mphuno ya atelala inagwira kafungo. Asanaganize n'komwe anapezeka atagwada pakona, akukoka mpweya.

Bokosi linali litavalabe kadiresi kake kaja, ndipo lesi inali itayamba kufiira, zipi ikuotcha zala. Anazula mawaya onse, anavula bokosi, n'kulikokera panja pa simenti, pamthunzi, kutali ndi nsalu. Diresi laukwati linapulumuka lili loyera mbee. Atelala anabwerera m'shopu, n'kugwadanso pakona pomwe paja.

"Mukupemphera, mayi?" anafunsa mayi a mkwatibwi.

"Ayi. Ndikupepesa munthu."

Bokosilo lero limakhala losavala, pa simenti, palokha. Kadiresi kake kali pamsomali ndi chipsera chake. Kachipinda ka a Mphuno n'kotsekabe, ndipo kunena zoona tawasowa. Wina akakhosomola m'khonde, dzanja la atelala limathamangirabe zipi. Likapeza kuti palibe chovula, limapita kumaso kukapukuta misozi.